Anachotsa khansa ya rectum, kodi ingameranso pomwepo?

FUNSO: A dokotala, bambo a kunyumba anawapeza ndi khansa ya rectum, kumapeto kwa matumbo kuja. Anayamba awaotcha kaye ndi makina masabata asanu, kudikira, kenako opaleshoni miyezi iwiri yapitayo, pano ali ndi kathumba kolandirira chimbudzi pamimba. Ine tulo palibe chifukwa ndinamva kuti khansa imeneyi imakonda kuphukiranso malo omwewo. Titani kuti isabwerenso? Komanso kuotcha kuja sikunangotitayitsa nthawi? Mayi wankhawa.

YANKHO: Pepani mayi, zimene munamvazo si bodza, koma zambiri ndi za kale. Rectum ndi masentimita pafupifupi 15 omalizira a matumbo, ndiye ili mkati mwa chiuno mothina, moyandikana ndi chikhodzodzo, mitsempha ndi mafupa, dokotala amagwira ntchito ngati akusoka m'botolo. Kale amangodula chotupa chooneka ndi maso n'kusiya mafuta ozungulira thumbolo, pomwe mumafutamo ndi mmene muli anabere obisa timbewu ta khansa. Ndiye odwala ambiri, penapake mmodzi mwa anayi alionse, khansa imabwerera m'chiuno momwemo.

Zinasintha mu 1982 pomwe dokotala wa ku England, Bill Heald wa ku Basingstoke, anaonetsa njira yotchedwa TME, kuchotsa rectum pamodzi ndi mafuta ake onse ngati phukusi limodzi losabooka. Ikachitika bwino, khansa imabwerera pamalopo mwa odwala osakwana 10 pa 100.

Za kuotcha kuja musadandaule n'komwe, sikunali kuchedwetsa ayi. Ku Germany anayerekeza magulu awiri, zotsatira zinatuluka mu 2004: amene analandira radiotherapy (kuotcha kuja) ndi kemo (mankhwala opha khansa) asanapite ku opaleshoni, khansa inabwerera mwa 6 pa 100 m'zaka zisanu, pomwe omwe analandira pambuyo pake anali 13 pa 100. Chotupa chimafota, m'mbali mwake mumayera, mpeni umadutsa patali. Ine pandekha ndimati amene anakonza dongosolo la bambowo anaganiza bwino, ngakhale ndikudziwa kuti masabata odikira aja banja limaona ngati chaka.

Nde chilungamo chake n'chakuti mbali yaikulu yoteteza inachitika kale, bambo ali pa tebulo la opaleshoni. Chomwe chakutsalirani inu choyamba ndi lipoti la ku labu la chimene anachotsacho. Ambiri salifunsa, amangomva kuti "opaleshoni yayenda bwino" basi n'kumapita. Kafunseni kuti m'mphepete modulamo munali moyera? Ngati khansa inafika milimita 1 kapena kuchepera apo kuchokera m'mphepete, chiopsezo chobwerera chimakwera. Funsaninso kuti anayeza anabere angati, mwalamulo la ntchitoyi amafuna asachepere 12, ndipo angati anapezeka ndi khansa, chifukwa mayankho amenewa ndi omwe amauza madokotala ngati pakufunika kemo ina. Akati kemo, bambo asathawe pakati poti thupi lafooka, akauze madokotala kuti asinthe mlingo, bola kutero kusiyana n'kungosiya mwakachetechete.

Chachiwiri ndi chekapu, ndipo apa ndi pomwe anthu timagwa. Munthu akayamba kunenepa, mphamvu zabwerera, amati ndachira ine, tsiku la kuchipatala n'kulidumpha, chonsecho khansa ikamabwerera imabwera kwambiri m'zaka ziwiri kapena zitatu zoyambirira ndipo poyamba siipweteka. Amayeza m'magazi chizindikiro cha khansa chotchedwa CEA miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi iliyonse, sikani ya CT pachifuwa, pamimba ndi m'chiuno, komanso kamera ya m'matumbo pakatha chaka, ndipo kulondola kumeneku kumapitirira mpaka zaka zisanu. Chekapu sikuletsa khansa kubwera eti, koma ikapezeka ikadali yaing'ono nthawi zina imachotsekanso ndi opaleshoni ina, ikakula n'kugwira mafupa ndi mitsempha nkhani imavuta. Sungani mapepala onse mufayilo imodzi, CEA imodzi payokha siinena zambiri, chofunika n'kuona ngati ikukwera ulendo ndi ulendo.

Osadikira tsiku la chekapu mukaona ululu wosatha m'chiuno, m'matako kapena wotsikira kumwendo makamaka usiku, magazi kapena mafinya kumalo otulukira chimbudzi, kuvutika pokodza, mwendo umodzi kutupa, kapena kuonda kosadziwika bwino. Azibambo ambiri za kumunsiko amabisa ndi manyazi, muziwafunsa ndinu mwaulemu muli awiri.

Ngati amasuta asiye, mowa achepetse, aziyenda pansi tsiku lililonse mmene thupi likulolera. Za kathumbako, kafunseni ngati n'kakanthawi kapena kamuyaya, zimatengera kuti chotupa chinali pafupi bwanji ndi potulukira, koma kukhala nako kapena kukachotsa si chizindikiro choti khansa yatsala kapena yatha.