Kwa achimwene a ku Chibavi amene achotsedwa m'gulu chifukwa cha Python ija

Achimwene, uthenga wanu ndauwerenga kawiri. Mwati mu Elite Dangerous, gemu ija ya zombo za m'mlengalenga, mumasewera ngati wachifwamba amene analumbira kwa Archon Delaine, mfumu ya achifwamba ya m'gemumo. Loweruka muli m'gulu lathu lija la private, lolowa ololedwa okha, munakoka Python, chombo cha mnzathu wina, kuichotsa mu supercruise (ulendo wothamanga wa pakati pa mapulaneti), mwiniwake atayesa kuthawa munaiphulitsa, ndiye kutacha munapeza akuchotsani m'gulumo. Mukufunsa ngati nkhani ya munthu wanuyo si chifukwa chokwanira, poti wachifwamba sangaone katundu akudutsa n'kungomuyang'ana, komanso mukufuna kudziwa kolowera tsopano.

Ine ndikuti si chifukwa chokwanira, ngakhale nkhani yanuyo ndimaikonda ndipo sindikufuna kuti muisiye.

Mu gemu imeneyi muli malamulo amene anaikidwa dala kuti munthu wanu aziwaswa. Mukawombera chombo chosalakwa, boma la dera limenelo limakudindani kuti wanted, pamutu panu pamabwera bounty (mphoto ya amene angakuphulitseni), apolisi a m'gemu amakuthamangitsani. Mu 2018 anawonjezeranso notoriety, mfundo za mbiri yoipa, imene imakuletsani kulipira mlandu wanu mpaka itatsika, ndipo imatsika pang'onopang'ono, mfundo imodzi pa maola awiri osewera. Zonsezi ndi sewero. A Frontier, kampani ya ku Cambridge imene inatulutsa gemuyi mu 2014, anachita kukukonzerani zida: manifest scanner yosuzumira zimene mnzanu wanyamula, hatch breaker yothyolera chitseko cha katundu, collector limpet yotolera zimene zatayika. Kuba kulibe vuto mu Elite. Koma lamulo la gulu lathu, loti osawombera wosewera mnzako musanagwirizane, silinalembedwe ndi boma la m'gemu ayi. Analilemba anthu enieni, ena a ku Luwinga, ena a ku Zolozolo, ndipo amene anavomera tsiku lolowa si wachifwamba wa Delaine, ndi inuyo achimwene, ndi chala chanu. Mukumbukire masewero a kusekondale aja: wopatsidwa mbali ya mbava ankaba chikwama cha pa siteji, sankatsika kukapisa m'matumba mwa oonerera.

Chimene chawapweteka anzathuwo n'chakuti private group ilibe batani lotsekera mfuti. Gemu imakulolani kuwombera aliyense mofanana ndi ku Open, kumene aliyense amalowa popanda gulu. Chimene chimateteza anthu mmenemo ndi mawu amene anapatsana basi, ndipo chida chokhacho chimene mwini gulu ali nacho ndi kuchotsa munthu. Ngakhale gulu lalikulu lija la Mobius, lokhala ndi anthu masauzande, limayendera chikhulupiriro chomwechi. Ndiye mnzathu uja anachepetsa chitetezo pa Python yake kuti anyamule katundu wochuluka chifukwa anadziwa kuti ali pakhomo. Python yopanda chowonjezera chilichonse imagulidwa pafupifupi ma credit (ndalama za m'gemu) 57 miliyoni, ndipo ikaphulika umalipira 5 pa 100 alionse kuti akubwezere, kutanthauza pafupifupi 3 miliyoni, osawerengera zida zimene anaikamo. Katundu alibe inshuwalansi, wapita wapita. Inu ndi ine tikudziwa kuti kuno ma credit amenewo amachokera m'bandulo yogula ndi ndalama zenizeni, ndi usiku wozizira wa mu June munthu atafunda bulangete laputopu ili pamiyendo.

Choyamba, alembereni uthenga mwini gulu ndi mwini Python, ndipo mulembe ngati inuyo, osati ndi mawu a wachifwamba. Musafotokoze za Delaine. Ingonenani kuti lamulo munaliswa ndipo mukufuna kubweza. Mu Elite simungamutumizire mnzanu ma credit mwachindunji, koma mutha kudzaza chombo chanu ndi katundu wodula n'kukamutayira kuti atole. Potaya musankhe abandon, osati jettison, chifukwa katundu wa jettison amaoneka ngati wakuba ndipo mnzanuyo angavutike naye pa msika. Sindikulonjeza kuti akubwezerani m'gulu, koma Mzuzu ndi wochepa, mudzakumanabe ku Katoto.

Za uchifwamba wanuwo, utengereni ku Open. Kumeneko aliyense amene walowa akudziwa kuti angakumane ndi anthu ngati inu, ndipo walira mvula walira matope. Koma ngakhale kumeneko pali kusiyana pakati pa wachifwamba ndi munthu wongofuna kuona zinthu zikuphulika, ndipo ine ndinakumana nawo onse awiri. Woyamba anandipeza ku dera la Deciat, ndikupita kwa Felicity Farseer, makaniko wa m'gemu, kukakonzetsa frame shift drive yanga (injini yodumphira pakati pa nyenyezi), ulendo umene pafupifupi aliyense watsopano amayenda. Sanalembe ngakhale liwu limodzi. Ndinangoona chishango chazima, kenako sikirini ya rebuy, yolipirira chombo chophulika. Wachiwiri anakoka Type-6 yanga, chombo chonyamula katundu, patapita miyezi ingapo, n'kulemba kuti ndizimitse injini, waona zimene ndanyamula, akufuna matani khumi okha ndipo otsalawo ndipite nawo. Manja ankanjenjemera pa kiyibodi. Ndinamupempha kuti atenge asanu ndi atatu, anavomera, anatola katundu wake, nanditsanzika mwaulemu. Ndinataya katundu, koma mpaka lero usiku umenewo ndimaukumbuka kuposa maulendo onse amene ndinafika bwinobwino. Munthu ameneyo anandipatsa mbali m'nkhani yake. Woyamba uja ankasewera yekha, ine ndinali ngati chitini choponyera miyala.

Ndiye dzifunseni moona mtima, achimwene: Loweruka lija munalemba kaye uthenga? Munamupatsa nthawi yowerenga ndi kuyankha? Wachifwamba weniweni amafuna katundu, ndipo chombo chikaphulika katundu wambiri amapita nacho. Ngati munthu wanu amaphulitsa asanapemphe, ndiye kuti ngakhale nkhani yanu yomwe simukuitsata.

Ngati mukufunitsitsa kuseweretsa nkhaniyi pakati pa anzathu a m'gulu, njira ilipo. Pemphani usiku umodzi pa mwezi, munene dera lake ndi maola ake, ofuna alembetse okha, ena akhale amalonda, ena operekeza, inu ndi anzanu achifwamba. Mugwirizane kuti chombo chikatsala ndi mphamvu yochepa kuwombera kuleke, ndipo aliyense azimitse "report crimes against me" kuti apolisi asalowerere. Eni magulu ambiri sadana ndi nkhondo, amadana ndi kudzidzimutsidwa.

Mwina mtima wanu umafuna dziko lolimba kuposa pamenepa. Ngati ndi choncho yesani EVE Online, gemu ina ya zombo yopangidwa ndi kampani ya CCP ya ku Reykjavik, imene ilipo kuyambira 2003 ndipo kuyambira 2016 mutha kuyamba osalipira. Kumeneko pafupifupi aliyense ali pa seva imodzi, kulibe private group yothawirako. Ngakhale m'madera otetezedwa otchedwa highsec, a mlingo wa chitetezo 0.5 mpaka 1.0, apolisi a CONCORD saletsa kuwombera, amangobwera kudzaphulitsa wowomberayo pambuyo pake, n'chifukwa chake achifwamba amagwiritsa ntchito tizombo totchipa ngati Catalyst. Kunali gulu lina limene linkadzitcha eni malamulo a highsec, linkagulitsa ziphaso zokumbira miyala pa ISK (ndalama za mu EVE) 10 miliyoni n'kumaphulitsa okana kugula, ndipo CCP inkawalola chifukwa malamulo a gemuyo amalola. Koma taonani: ngakhale kumeneko, kuzemba chilango cha CONCORD kapena kuvutitsa ongoyamba kumene m'madera awo oyambira kumakutsekeretsani akaunti, ndipo palibe amene amafunsa kuti munthu wanu anali ndi zifukwa zotani.

Chinanso chimene chimatikhudza ife a kuno kuposa anzathu akunja. Mu Elite, kutuluka kudzera pa menu uli pankhondo n'kololedwa, umangodikira masekondi 15. Koma kutseka gemu mwadala kapena kudula intaneti kuti chombo chisaphulike, kumene amati combat logging, a Frontier amakuwerengera ngati chinyengo. Tsono ife magetsi amatha kuzima pakati pa nkhondo, kapena mvula ya kuno ikalimba netiweki n'kugwa. Zinandichitikira ndili ku Mchengautuwa: laputopu inali ndi batire koma rauta inazima, ndipo mnzanga amene ndinkamenyana naye anaganiza kuti ndathawa. Ndinamulembera pa foni nthawi yomweyo, ndinamutumizira chithunzi cha kandulo ili pa tebulo, ndipo mawa lake ndinabwerera pamalo omwewo ndi chombo chomwecho kuti timalize. Inu mukakhala wachifwamba zimenezi zizikuchitikirani mbali zonse ziwiri. Wina akasowa pamaso panu musafulumire kumunyoza pagulu, ndipo zikachitikira inu nenani msanga.

Loweruka likudzali cha m'ma 9 koloko usiku, magetsi akalola, ndidzakhala ku Open ndi Type-6 yanga itadzaza golide. Dera lake ndikuuzani kumbali. Bwerani ndi hatch breaker yanu, koma mudzayambe mwalemba uthenga, ndipo matani khumi sindidzapereka popanda kunenerera.