Wina kusukulu yogonera konko, wina m'chigafa

"Alangizi, ndine mayi wa ana anayi, ndimakhala kufupi ndi Chamama kuno ku Kasungu. Wachisamba ndi mnyamata wa zaka 20. Adalemba MSCE pa CDSS ya kwathu kuno zaka ziwiri zapitazo, adapeza mapointi 39, Chingerezi adapeza 7. Kuchokera pamenepo ndiye amathandiza bambo ake kumunda wa fodya. Mlongo wake wa zaka 16 adasankhidwa kusukulu yogonera konko, pano ali Fomu 3. Akabwera ku holide pakhomo sipakhala mtendere. Mtsikana amanena mlongo wake kuti ndi wolephera, ndipo amamuyankha m'Chingerezi dala kuti amuchititse manyazi. Holide yathayi mnyamata adatenga makope a mlongo wakeyo n'kukawabisa m'chigafa mpaka adanyowa. Ndidamukalipira kuti ndi wanjiru, iye adatha masiku atatu osadya nsima ya pakhomo. Bambo ake akuti n'zachibwana, zidzatha zokha. Nditani kuti ana anga amvane?"

Zikomo mayi. Ndiyambe ndi funso limene simudandifunse: ndalama yolipirira mtsikanayu imachokera kuti? Kalata yanu yayankha kale, imachokera m'fodya. Amene amalawirira kukathirira nazale dzuwa la Okutobala lisanapse, kuokera mvula ikagwa, kuthyola, kusoka, kupachika m'chigafa, kusankha masamba mpaka kudinda mabelo pajeke, ndi mnyamata yemweyu pamodzi ndi bambo ake. Mabelo akapita kumsika wa fodya ku Chinkhoma, ndalama ikalowa, iye amaiona ndi maso ake ikusanduka fizi, yunifolomu, shuga, sopo ndi thiransipoti ya mlongo wake. Kwa iye kumafika chiyani? Mwina malaya a pakaunjika ndi mawu oti "limbika, mlongo wakoyu ndiye adzatitukule." Kenako wodya thukuta lake uja akubwera ku holide n'kumamunyoza m'Chingerezi, phunziro lomwe lija lidamugwetsa.

Zobisa makopezo sindikuziikira kumbuyo, ndipo tifikapo. Koma dzina la njiru mudamupatsa lija silikumukwana. Wanjiru amadana ndi zabwino za mnzake zimene iye sadaikepo dzanja. Uyu dzanja adaikapo, ndipo palibe amene adanenapo poyera kuti adaikapo. Masiku atatu okana nsima aja amakuuzani kuti, "ngati ntchito yanga siiwerengedwa pakhomo pano, nanenso musandiwerenge."

Bambo ake akunena zoona pang'ono. Ana aang'ono akamalimbirana chipande, nthuli ya nyama kapena malo pamphasa, zimenezo zimathadi zokha, ndipo kholo limene limaweruza mlandu uliwonse wa zoterozo limangoionjezera, chifukwa ana amaphunzira kuti wothamangira kukanena ndiye amawina. Koma anu akulimbirana tsogolo. Zotere zikasiyidwa zimangobisala pansi ngati chitsa, n'kudzatulukira pamaliro anu, pogawana munda, wina akunena kuti "iwe udadya gawo lako kusukulu." Ndamva mawu amenewa kwa anthu a imvi. Akuluakulu adati chibale ndi fupa sichiola, ndipo sindikuwatsutsa, koma fupa limathyoka, ndipo likalumikizidwa mochedwa limalumikizika mokhota.

Nkhani ya Yosefe mumaidziwa. Kutchalitchi timakonda kudzudzula abale ake, koma timathamanga kudutsa pa Yakobo, amene adasokera mwana mmodzi mkanjo anzake ali kubusa padzuwa. Yakobo yemweyo adakulira m'nyumba ya tsankho, bambo wake Isake akukonda Esau, mayi wake Rebeka akukonda iye. Yunifolomu ya sukulu yogonera konko ikhoza kusanduka mkanjo wotero, ngakhale inu mudaigula ndi mtima wabwino.

Ndiye choyamba si kuitana ana kuti agwirane chanza. Khalani pansi ndi bambo awo, mutenge kope ndi cholembera, mulembe zimene fodya wa chaka chathachi adabweretsa mutachotsa ngongole ya feteleza ndi zina zonse, ndi kumene ndalamayo idapita. Mukaona nokha kuti dzina la mnyamatayu likupezeka kumbali ya ntchito koma kumbali yolandira mulibe, simudzafunanso mlangizi wokuuzani gwero la ndewu. Mukatero muitane malume awo. Kwathu kuno malume ndiye mwini mbumba, ndipo mnyamata wa msinkhu umenewu amatha kutulutsa kwa malume ake mawu amene sanganene pamaso pa bambo ake. Pamsonkhano umenewo mawu awa atuluke pakamwa pa bambo, mtsikana akumva: "Fizi yako muli thukuta la mlongo wako." Ndi mawu ochepa koma mnyamatayo wakhala akuwadikira zaka ziwiri.

Mawu okha sakwanira. Mupatseni gawo lake lodziwika, kaya mizere yake ya fodya, kaya kamunda ka soya kapena mtedza kamene ndalama yake adzagwira yekha. Munthu wa zaka 20 wopempha mayi ake ndalama yometera tsitsi sangakhale wofatsa.

Tsopano za sukulu yake, poti apa ndiye pagona nkhani. Pa MSCE, 1 ndi 2 ndi distinction, 3 mpaka 6 ndi credit, 7 ndi 8 ndi pass, 9 ndiye kulephera. Mwana wanu sadalephere, ndipo mawu oti wolephera aletsedwe pakhomo panu kuyambira lero. Chidamutsekera khomo ndi 7 wa Chingerezi uja pamodzi ndi kukwera kwa mapointi, chifukwa kuti munthu apikisane nawo pa malo a m'mayunivesite a boma kudzera ku NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro a ukachenjede, amafunika ma credit asanu ndi limodzi, Chingerezi chili pomwepo. Khomo limeneli silidakhomedwe ndi misomali. MANEB imalola munthu kulembanso ngati external candidate, ndipo sekondale zambiri zili ndi open school imene imaphunzitsa masana ena akaweruka. Kalembera wa mayeso amachitika miyezi yambiri mayesowo asanafike, choncho apite kwa ahedi a sekondale yapafupi teremu yoyamba ikangotsegulidwa akafunse masiku ake ndi ndalama zake.

Koma pali msampha umene makolo olima fodya ambiri amagweramo. Mayeso a MSCE amalembedwa pakati pa chaka, ndiye kuti miyezi yofunika kuwerenga molimbika ndi Januwale mpaka Meyi. Imeneyi ndi miyezi yomweyo yothyola, kusoka ndi kusankha fodya. Mukamuuza kuti abwereze koma m'chigafa osamumasula, adzapezanso 7 yemweyo, ndipo ulendo uno aliyense adzati "taonani, mutu wake ndi womwewo." Ngati mwasankha njira yobwereza, muwerengeretu ndalama ya aganyu olowa m'malo mwake masiku ena pa sabata. Imeneyo ndiyo fizi yake yeniyeni.

Musathamangirenso kuganiza kuti akufuna kubwereza. Mwina zaka ziwiri zakumundazi zamuonetsa kuti manja ake ndi aluso. TEVETA, imene idakhazikitsidwa mu 1999, imalemba achinyamata chaka ndi chaka kupita m'makoleji a ntchito zamanja monga Namitete pamsewu wa Mchinji, Lilongwe ndi Salima, ndipo kuyambira 2015 boma lakhala likutsegula ma community technical college m'maboma. Kumeneko kuli kuwotcherera, zamagetsi, kuika sola, ukalipentala, kumanga nyumba, kukonza njinga zamoto. Taimani tsiku lina pa Kasungu boma, pa Santhe kapena pa Nkhamenya muwerenge njinga zamoto za kabaza, mudzifunse kuti zikaonongeka amakonza ndani ndipo amalandira zingati pa tsiku. Ine zimandinyansa ndikamva kholo likunena kuti sukulu zimenezi n'za olephera, pamene nyumba imene likukhalamo idamangidwa ndi anthu omwewo. Ngati mtima wake uli pa ulimi, kuno ku Kasungu komwe kuli Mwimba College of Agriculture ya bungwe la ARET, ndipo ku Lilongwe kuli koleji ya zaulimi ya NRC imene ili pansi pa yunivesite ya LUANAR. Makoleji amenewa amayang'ana magiredi a maphunziro a sayansi, ndiye mwina angafunike kukonza phunziro limodzi kapena awiri, koma adzabwereza akudziwa kumene akupita. Chimodzimodzi ngati amalakalaka uphunzitsi, Kasungu TTC ili pakhomo, koma Chingerezicho ayenera kuchikweza.

Ndikupempheni chimodzi. Musamutengere William Kamkwamba wa ku Wimbe n'kumukwapula naye. Inde, adasiya sekondale chifukwa cha fizi m'nyengo ya njala ya 2001 ndi 2002, napanga makina a mphepo opangira magetsi, mpaka adakamaliza maphunziro ku Dartmouth ku America mu 2014. Ndi nkhani yonyaditsa Kasungu yense. Koma mwana wotopa ndi kuyerekezedwa ndi mlongo wake simungamuchize pomuyerekeza ndi munthu wina wotchuka.

Mwina mukuti ndalama ya ana awiri ichokera kuti. Pepukitsani katundu kumbali ya mtsikana. Kafunseni za bursary ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu kukhonsolo, kwa a komiti ya chitukuko ya dera lanu, ndi kwa ahedi a sukulu yake, amene amadziwa mabungwe othandiza atsikana monga CAMFED. Sikuti aliyense wopempha amalandira, koma wosapempha salandira. Ndipo ndalama ya fodya ikangolowa, igaweni nthawi yomweyo pa materemu onse atatu ndi pa mwana aliyense. Teremu ya Januwale imagwa pakati pa njala, ndipo ndi pamene makolo amalanda ndalama ya mwana wina kuti apulumutse wina.

Mawu otsatirawa mukamuwerengere mtsikanayo, kapena mumupatse awerenge yekha. Iwe mwana wanga, kusankhidwa kwako udakugwirira ntchito, palibe angakulande. Koma iwe umawerenga pamagetsi usiku, uli ndi laibulale ndi labotale pafupi, belu likalira umapeza chakudya chapsa. Achimwene ako ankapita ku CDSS wapansi kapena panjinga, n'kubwerera kudzagwira khasu, ndipo sukulu zambiri zotero mabuku ndi zipangizo za sayansi n'zoperewera. Iwe ukadaikidwa pamenepo sukudziwa ukadapeza mapointi angati. Ndiponso uli Fomu 3, MSCE sunakumane nayo. Chingerezi chimene ukumutukwanira nachocho adakugulira ndi iye. Ukafika pakhomo lankhula Chichewa, uvule nsapato za kusukulu, ukakhale nawo pansi posoka fodya. Ndi achimwene ako, ndipo uziwatchula choncho.

Mnyamatayo naye amve izi kwa malume ake: makope aja agule ena ndi ndalama yake, apepese, ndipo mlongo wake apepese pa mawu ake tsiku lomwelo, pamalo omwewo. Wina asapepese yekha. Dandaulo lake ndi lomveka, koma mwini dandaulolo ndi makolo, osati kamtsikana ka zaka 16 kamene sikadasankhe kuti ndalama igawidwe motero. Ndipo ngati tsiku lina zidzafika pa kumenya, imeneyo sikhalanso nkhani yoti ana akangana. Pamenepo alowererepo malume, amfumu ngakhale apolisi, ndipo nambala yaulere yothandiza ana ya 116 ilipo.

Mudzayesedwa kunena kuti mtsikana aziphunzitsa mlongo wake Chingerezi pa holide. Musatero msanga. Kwa mnyamata wovulala kale mumtima, kukhala pansi kuti kamng'ono kamukonze galamala ndi chilango china. Bwino mtsikanayo azingosiya manotsi ndi mapepala a mayeso akale pamalo oonekera, osanena kanthu. Ndipo poti Agriculture ndi phunziro la pa MSCE, iye ndiye ayambe kufunsa: kathiridwe ka feteleza, matenda a mbewu, kakonzedwe ka nazale. Zimene iye amaloweza m'buku, mlongo wake amazigwira ndi manja tsiku ndi tsiku. Woyamba kufunsidwa nzeru akhale wamkulu, enawo adzatsatira okha.

Za ana awiri aang'onowo simudanene kanthu, koma akuonerera ndipo akusankha mbali. Malipoti a sukulu akabwera, muziona ndi mwana aliyense payekha, ndipo muzimuyerekeza ndi lipoti lake la teremu yatha, osati la mkulu wake. Mawu oti "bwanji sukhala ngati achemwali ako" ndi aja oti "ukapanda kulimbikira udzathera m'chigafa ngati achimwene ako" amabaya anthu awiri nthawi imodzi.

Mundilemberenso magiredi a mnyamatayu phunziro ndi phunziro, makamaka Masamu, Biology ndi Agriculture, kuti tione ngati abwereze onse kapena ochepa, kapena angolunjika ku ntchito zamanja. Koma musananditumizire, mufunseni mwini wake chimene akufuna. Musamufunse pa nsima onse ali pomwepo. Mupempheni akuperekezeni kuchigayo kapena kudimba, mumufunse muli awiri panjira, ndipo akakhala chete musamudule, muyende naye mpaka ayankhe.