Yankho kwa achemwali a ku Limbuli pa nkhani ya kanema wa m'mudzi

Achemwali, mwafunsa kuti gulu lanu la achinyamata likufuna kujambula kanema wa mavuto a kwanuko, koma muli ndi mafoni okha, ndiye muyambire pati, komanso kodi zoterezi zimasinthadi kanthu. Ine ndine wa ku Mulanje konkuno ndipo ndagwirako ntchito imeneyi ndi anzanga, choncho ndiloleni nditalikitseko pang'ono.

Foniyo ikwanira, musadere nayo nkhawa. Chimene ndikukupemphani n'chakuti sabata yoyamba musajambule kalikonse. Kaonaneni ndi amfumu ndi a komiti ya chitukuko ya m'mudzi, kenaka mukhale pansi ndi amayi paokha, abambo paokha, achinyamata paokha, muwafunse nkhani imene akufuna kuti imveke. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Inu mukhoza kupita mutakonzeka kujambula za kudulidwa kwa mkungudza m'phiri, iwo n'kukuuzani za mjigo umene unafa kalekale, kapena za matenda a chisaka amene anatha nthochi kuno ndi ku Thyolo.

Ife tinaphunzira zimenezi mu 2023, namondwe wa Freddy atadutsa mwezi wa Marichi uja. Tinapita mbali ya kwa Njema titapachika mafunso athu papepala. Tinajambula agogo ena akulira pofotokoza usiku umene madzi anatsika ndi miyala, ndipo ine mumtima ndinkati apa ndiye pagona kanema wathu. Patatha masiku tinabwerera kukawaonetsa. Anaonera chete, foni ili m'manja mwa mdzukulu wawo, ndipo itatha anati polirapo tichotsepo, adzukulu awo asamadzawaone choncho. Kenaka anatenga ndodo yawo natitsogolera kumunda. Panali mchenga ndi miyala yokhayokha, ina yaikulu ngati nkhokwe. Anaponda pamene panali malire ndi munda wa anzawo, n'kunena kuti tijambule pamenepo, chifukwa chimene ankafuna akuluakulu amve n'chakuti ufa wachithandizo udzatha koma polima palibe. Ndinachita manyazi kwambiri tsiku limenelo. Misozi yawo tinaitenga osapempha, ndipo mfundo yawo tikanaisiya.

Kuyambira pamenepo timapempha chilolezo katatu: tisanajambule, munthu ataona mbali yake, ndiponso tisanautumize kulikonse. Mumuuze poyera kuti kanema akalowa pa WhatsApp kapena pa Facebook sabwereranso. Ana musawajambule makolo asanavomere. Ndipo kwathu kuno kumene mabanja ambiri amadalira ntchito ya m'minda ya tiyi, samalani kwambiri ndi wothyola tiyi amene akufuna kulankhula za malipiro kapena za akapitawo. Inu mukabwerera kwanu, iye mawa m'mamawa aberekanso dengu pamaso pa anthu omwewo. Ngati akufunabe kulankhula, jambulani manja ake ndi dengu, nkhope ndi dzina zisaoneke, ndipo mumukumbutse kuti mawu okhanso anthu amawazindikira. Chimodzimodzi nkhani ya malo, imene inasamutsa mabanja ambiri a kuno ndi ku Thyolo kupita ku Machinga ndi ku Mangochi pa nthawi ya pulojekiti ya boma ya Kudzigulira Malo: ndi yowawa, ndipo imafuna kuti mbali zonse zipatsidwe mpata.

Za kajambulidwe ndinena mwachidule. Foni muigoneke chopingasa, dzuwa likhale kumbuyo kwa wojambula, ndipo muyandikire wolankhulayo. Anthu amapirira chithunzi chosaoneka bwino koma mawu osamveka sawapirira, ndiye pewani pafupi ndi chigayo, m'mbali mwa msewu wa ku Muloza, ndi m'nyumba ya malata mvula ikugwa. Agogo akafuna kulankhula Chilomwe, asiyeni, mudzalemba Chichewa m'munsi. Kanema wa mphindi zisanu kapena zisanu ndi ziwiri wakwana. Koma foniyo isakhale m'manja mwa mnyamata mmodzi wodziwa zonse uja. Izungulire, mayi wogulitsa chinanazi naye agwireko ndi kufunsa mnzake, chifukwa zimene amayi amauzana pamtondo sangamuuze mnyamata wa ku sekondale.

Tsono funso lanu lalikulu, ngati zimasintha kanthu. Njira imeneyi si yachilendo. Mu 1967 pa chilumba cha Fogo ku Canada, asodzi amene boma linkafuna kuwasamutsa anajambulidwa akufotokoza okha moyo wawo. Makanemawo anazungulira midzi ya pachilumbapo, anthu anazindikira kuti mavuto awo ndi amodzi, akuluakulu a boma anawaonera, yankho lawo linajambulidwanso n'kubwezedwa kwa asodziwo. Anthuwo sanasamuke, anakhazikitsa kopaletivi yawo. Chimene ndimachikonda pa nkhani imeneyi ndi kubweza yankho kuja. Kanema wongoikidwa pa intaneti amapeza anthu omvera chisoni, ndipo sabata ikatha waiwalika.

Choncho oyamba kuonera akhale eni mudzi. Ife tinamanga nsalu yoyera pakhoma la sukulu, tinabwereka pulojekita ndi jenereta, ndipo kanema atatha anthu anakambirana mpaka usiku, ena n'kutikonza pamene tinalakwitsa dzina la mtsinje. Mukatero muitane amene ali ndi mphamvu pa nkhaniyo: khansala, a komiti ya chitukuko ya dera, alangizi a zaulimi kapena a zankhalango, ngakhale aphungu. Musawaitane kuti muwachititse manyazi, mukatero sabweranso. Aonere limodzi ndi anthu, ayankhe, inu mujambule yankholo ndi tsiku limene alonjeza. Pakatha miyezi itatu mubwerere ndi foni yomweyo pamalo pomwepo. Zina zidzachitika, zina ayi, ndipo musalonjeze anthu kuti kanemayu abweretsa simenti kapena ndalama. Mawu ake okha mukhozanso kuwapititsa ku wailesi ya m'dera, poti wailesi imafika kumene intaneti sifika.

Mukakhala pansi ndi anthu sabata yoyambayo, dzatiuzeni muno nkhani imene asankha. Ngati mudzafune thandizo pa kudula ndi kulumikiza zithunzizo, ndilembereni, Loweruka lina ndikhoza kukwera minibasi pa Chitakale n'kubwera tidzachitire limodzi.