Mwana wanu akuti Chisilamu nchaAluya ogula akapolo? Khalani pansi tikambe

Imelo yafika sabata ino kuchokera kwa mayi wina wa ku Lilongwe, dzina sinditchula. Mwana wawo wa fomu 2 wayamba kukana ku madrasa, akuti anzake amuuza kuti Chisilamu nchipembedzo cha Aluya ndipo ife akuda anachita kutikakamiza ogula akapolo. Mayiwo akufunsa kuti amuyankhe bwanji.

Achemwali, imelo yanuyi yandigunda pabala lomwe ndimayesa kuti linapola kalekale. Ine ndinaphunzira sekondale ya mishoni, Asilamu mkalasi mwathu tinali owerengeka, ndiye tsiku lomwe aphunzitsi anafika pa mutu wa malonda a akapolo, atangotchula Jumbe wa ku Nkhotakota kalasi yonse cheu kundiyang'ana ine. Mnyamata wina wa kumbuyo anayamba kugwedeza makiyi a sutikesi yake kuyerekeza unyolo, ena nkumaseka, aphunzitsi phee kumangolemba pa bolodi. Kuyambira tsiku limenelo pamzere wa nsima amandifunsa kuti iwe Mchawa lero ugulitsa ndani. Kachisoti kanga ndinasiya kuvala ngakhale Lachisanu, ndimakapinda nkukabisa mthumba mpaka nditatuluka pageti.

Patchuthi ndinakadandaula kwa agogo aamuna ku Mangochi, ndimafuna andiuze kuti zonsezo nzabodza. Sanatero ayi. Anati Jumbe anagulitsadi anthu, mafumu ena a kwathu konkuno anagulitsanso, usamakane zinthu zoti zinachitika. Kenako anandifunsa kuti azana yomwe imandidzutsa mbandakucha ija anayamba kuitana ndani. Ine kukamwa yasa.

Bilal ibn Rabah. Munthu wakuda, mayi ake ochokera ku Habasha kuno ku Africa, kapolo mumzinda wa Makkah. Bwana wake Umayya ibn Khalaf atamva kuti walowa Chisilamu amamugoneka pamchenga wotentha masana dzuwa lili paliwombo nkumusanjika chimwala pachifuwa kuti akane, iye amangoti Ahad, Ahad, Mulungu ndi mmodzi basi. Abu Bakr, mnzake wa Mtumiki Muhammad (SAW), anamugula nkumumasula. Ku Madinah ndi iyeyu anasankhidwa kuitanira anthu ku swala, ndipo mu 630 Asilamu atalowa mu Makkah, Bilal ndi amene anakwera pamwamba pa Kaaba nkuitana azana, akuluakulu achi Quraish, mtundu wolamulira Makkah, omwe kale amamuona ngati katundu akuyang'ana mmwamba. Agogo amafotokoza pamenepa akumenya ndodo pansi, mpaka nkhuku kuthawa.

Koma nkhani yomwe ine imandikhalira kwambiri ndi ya 615, ndipo ndimadabwa kuti mmadrasa mwathu ambiri imangodutsidwa. Kusamuka kotchuka kopita ku Madinah kunachitika 622. Zaka 7 izi zisanachitike, mazunzo atanyanya ku Makkah, Mtumiki Muhammad (SAW) anauza omutsatira ena kuti awoloke nyanja apite ku Habasha, ufumu wa Aksum, komwe lero kuli Ethiopia ndi Eritrea, chifukwa kunali mfumu yosapondereza munthu. Mfumuyo, Najashi, inali Mkhristu. Mgulu loyambalo munali Uthman ibn Affan ndi mkazi wake Ruqayya, mwana weniweni wa Mtumiki. Ma Quraish anatumiza Amr ibn al-As ndi mphatso kuti akawatenge, mfumu nkunena kuti ndiyambe ndamva mbali yawo. Ja'far ibn Abi Talib, mmodzi wa Asilamu othawawo, anaimirira nawerenga Surat Maryam, za Mariya ndi kubadwa kwa Yesu, mfumu inagwetsa misozi nkubweza mphatso zija. Ndiye taganizani, Chisilamu chinaponda nthaka ya Africa chisanafike ku Damascus, ku Baghdad nkomwe kunalibe mzinda poti unamangidwa 762. Ndipo chinabwera chothawa mazunzo, chopempha pogona kwa Akhristu akuda.

Apa ndiye ndikufuna ndilankhule mosapsatira, ena akwiya akwiye. Asilamu anzanga amene mumathamangira kutchula Bilal kuti nkhani ya ukapolo ithere pomwepo, mukunamiza ana. Bilal anamasulidwa inde, koma ukapolo unapitirira mmaiko achisilamu zaka mazanamazana. Kummwera kwa Iraq akapolo otchedwa Zanj, ambiri ochokera kuno kummawa kwa Africa, amawagwiritsa ntchito yopala mchere mmadambo, mpaka anaukira mu 869, analanda Basra mu 871, nkhondo inatha 883. Ndipo Jumbe uja, dzina lake Salim bin Abdallah, anafika ku Nkhotakota cha mma 1840, anthu amawoloka nyanja yathuyi atamangidwa kupita ku Kilwa. Mlozi, wogulitsa akapolo wina wa ku Karonga, ananyongedwa 1895. Mwana wa masiku ano ali ndi foni, mukamubisira akazipeza yekha pa intaneti usiku ndipo sadzakukhulupiriraninso.

Komanso enanu a mbali inayo musadzichenjeretse. Apwitikizi omwe ankatenga anthu mchigwa cha Zambezi amapita ku tchalitchi Lamulungu, zombo zowoloka Atlantic eni ake sanali Asilamu, koma sindinamvepo mwana wa Chikhristu akugwedezeredwa makiyi mkalasi kuti ayankhire zimenezo. Chikhristu nachonso chinachokera kutali, sichinamere pa Dedza. Nanga bwanji mwana wa fomu 2 yekhayu asenze mlandu wa Salim bin Abdallah? Ndipo aphunzitsi ongoyang'ana bolodi aja alipobe, amenewo nde amandinyansa kuposa anawo.

Nanga mumuuze chani?

Musamukalipire, musamukokere ku madrasa ndi khutu sabata ino. Muvomereni kaye kuti za Jumbe nzoona, kenako mumufotokozere za Najashi ndi Bilal, zaka zomwe ndalembazi azifufuze yekha pafoni yakeyo kuti aone kuti simukupeka. Akaustazi ake muwapemphe aziphunzitsako mbiri ya Mtumiki, osangoti kuloweza basi. Ndipo ngati kunyozako kukuchitikira mkalasi, Lolemba mudzuke mukaonane ndi ahedi nokha, musatume malume.