Mwamuna wosweka mtima ndi wina, wankhanza ndi winanso

Achemwali, mwanena kuti mabuku achikondi amene amakukomerani ndi a amuna osungulumwa, olemedwa ndi zakale zawo, amene amadzasintha akapeza chikondi. Mnzanu wakuuzani kuti mabuku otere ndi amene amapusitsa akazi kuti azikakamira amuna ovuta, ndiye mukufunsa ngati akunena zoona, komanso mukufuna ena oti muwerenge.

Mnzanuyo ali ndi mfundo, kungoti waphatikiza mitundu iwiri ya mabuku. M'mabuku ena mwamuna amasintha chifukwa iye mwini waona kuipa kwake ndipo kwamuwawa. M'mabuku ena mkazi amangopirira chipongwe mpaka tsamba lomaliza, wolemba n'kutiuza kuti bamboyo tsopano wakhala munthu, ife osaona kuti wasintha liti. Achiwiriwa ine ndimawasiyira panjira.

Mwamuna wachisoni ameneyu ndi wakalekale m'mabuku. Ambiri amati anatchuka ndi ndakatulo za Lord Byron, kuyambira pa Childe Harold ya 1812: munthu wonyada, wosafuna anzake, wobisa chinachake. Koma kuti muone kusiyana kumene ndikunenaku, werengani mabuku a atsikana atatu a pachibale a banja la Brontë ku England, poti aliyense wa iwo anamulemba mwamunayu mwanjira yake.

Charlotte anatulutsa Jane Eyre mu 1847. Rochester ndi wolemera, wokwiyakwiya, ndipo ali ndi chinsinsi chachikulu: mkazi wake Bertha, wodwala misala, anamutsekera m'chipinda cham'mwamba m'nyumba yake ya Thornfield. Jane akudziwa zimenezi pa tsiku lenileni la ukwati, ali m'tchalitchi. Rochester akumuchonderera kuti athawire limodzi ku France, azikakhala ngati banja. Apa ndi pamene bukuli limandigwira mtima. Jane amamukonda kwambiri, akudziwanso kuti akachoka bamboyo asokonekera, koma akunyamuka m'bandakucha wopanda chilichonse, mpaka kutsala pang'ono kufa ndi njala. Sakutsala kuti amuchize. Pamene akubwerera, ali ndi chuma chakechake chimene mchimwene wa bambo ake anamusiyira, ndipo akupeza Rochester ali wakhungu, dzanja limodzi linaduka pamoto umene anayesa kupulumutsamo Bertha. Kunyada kuja kunatha Jane kulibe. (Za Bertha mwiniwakeyo Charlotte sanazisamale kwenikweni, n'chifukwa chake Jean Rhys anadzalemba Wide Sargasso Sea mu 1966, kufotokoza nkhaniyi kuchokera kwa mkazi wotsekeredwayo. Mukaliwerenga, Rochester simudzamuonanso chimodzimodzi.)

Emily anatulutsa Wuthering Heights chaka chomwecho. Anthu amakonda kumutchula Heathcliff ngati katswiri wa chikondi, ine ndimadabwa nazo. N'zoona anazunzidwa ali mwana, koma atakula akukwatira Isabella pofuna kungobwezera mlongo wake wa mtsikanayo, akupachika galu wake, akuzunza ana osalakwa. Isabella ankaganiza kuti pansi pa ukaliwo pali mtima wabwino. Catherine, mlamu wake wa Isabella amene Heathcliff ankamukonda, anamuchenjeza kuti palibe, iye osamva. Anachita kuthawa.

Anne, wamng'ono pa onse, ndiye analemba buku limene mnzanu uja angalikonde: The Tenant of Wildfell Hall, la 1848. Helen akukwatiwa ndi Arthur Huntingdon, azakhali ake atamuletsa, ali ndi chikhulupiriro choti amusiyitsa mowa ndi chiwerewere. Sizikutheka. Akuthawa ndi mwana wake, kenako akubwerera kukamudwazika, bamboyo n'kufa asanasinthe.

Nanga n'chifukwa chiyani nkhanizi zimatikoka chonchi? Janice Radway anacheza ndi amayi okonda mabukuwa m'tauni ina ku America, n'kulemba Reading the Romance mu 1984. Ambiri mwa iwo anali amayi apabanja, osamalira aliyense m'nyumba, iwo wopanda wowasamalira. Chimene ankachifuna m'bukumo ndi nthawi ija mwamuna wouma mtima akufewa, n'kuyamba kusamalira mkaziyo. Ine ndingawonjezepo ichi: mabuku ambiri amasiku ano amatilowetsa m'maganizo a mwamunayo. Akalankhula mawu olasa, tsamba lotsatira likutiuza kuti usiku sanagone, akudziimba mlandu. Timamukhululukira chifukwa taona mkati mwake. Mwamuna weniweni mkati mwake simuonamo, mumangoona zochita zake, ndiye mutha kumamulembera nokha mutu wabwino umene iye alibe. Ngozi imene mnzanu akunena yagona pamenepa.

Palinso za malonda. Makampani ngati Mills & Boon, imene inayamba ku London mu 1908, ndi Harlequin ya ku Canada ya 1949, anakula polonjeza owerenga kuti mapeto adzakhala okoma. Lonjezo limeneli si loipa, munthu wotopa amafuna buku losamukhumudwitsa. Koma timabuku take n'tochepa masamba, choncho wolemba waulesi amamuipitsa mwamuna mitu khumi, n'kumuyeretsa ndi kupepesa kumodzi.

Tsono oti muwerenge. Yambani ndi Lord of Scoundrels la Loretta Chase, la 1995. Dain amayi ake anamuthawa ali mwana, bambo ake n'kumutaya kusukulu yogonera komweko, anakula akudziona ngati chinthu chonyansa. Jessica sakumunyengerera ayi. Dain atamuchititsa manyazi pagulu ku Paris, Jessica akumuombera mfuti pamkono. Bukuli n'loseketsa, koma pamene pali mtima wake ndi pomwe Dain akukumana ndi mwana wake wapathengo, wofanana naye nkhope, wokanidwa ngati mmene iye anakanidwira. Jessica akumukankha, inde, koma wonyamula mwanayo ndi Dain. Kusintha kwake tikuchita kukuona ndi maso, ndipo wopindula si mkazi yekha.

Lina ndi Flowers from the Storm la Laura Kinsale, la 1992. Duke wa Jervaulx, katswiri wa masamu komanso wachimasomaso, akudwala sitiroko, mawu n'kumuthawa, abale ake n'kumutsekera kuchipatala cha amisala. Maddy, mtsikana wa mpingo wa Quaker, ndiye akuzindikira kuti nzeru zake zilipo. Kinsale analemba mawu a anthu ena ophwanyikaphwanyika, momwe bamboyo amawamvera, moti koyambirira mudzavutika nako. Musalisiye. Chondidandaulitsa n'chakuti Maddy akutaya zambiri kuposa mwamunayo, mpaka malo ake mumpingo, ndipo pamenepo ndimatsutsana ndi wolemba.

Mukafuna munthu wosungulumwa wochira popanda chibwenzi, pali Silas Marner la George Eliot, la 1861. Woluka nsalu wonamiziridwa kuba, amene ankangowerenga golide wake usiku, akubwerera pakati pa anthu chifukwa cholera kamwana kamasiye kamene kanalowa m'nyumba mwake. Si buku lachikondi monga mwafunsira, koma ndi lalifupi.

Mnzanu uja mubwerekeni la Anne Brontë, inu mutenge la Chase, mukamaliza musinthane.