Mafunso a ojambula: kusanjikiza penti pa chinsalu

Funso: Ndimajambula zithunzi za abstract, zija zongokhala mitundu ndi mizere, zopanda nkhope ya munthu kapena phiri. Ndinapaka penti ya mafuta, itauma ndinapakapo ya acrylic. Pano ya acrylic ija ikumatuka, ndipo ya mafutayo yang'aluka malo ena. Vuto lili pati? *Mnyamata wa ku Zomba*

Yankho: Achimwene, mavuto anu ndi awiri, koma gwero lake ndi limodzi: mapenti awiriwa sauma mofanana. Ya acrylic imauma madzi ake akauluka, ndipo mukaipaka mopyapyala imatha mphindi 20 kapena 30 zokha. Ya mafuta siuluka. Mafuta a linseed omwe ali m'kati mwake amakoka mpweya n'kumalimba pang'onopang'ono. Pamwamba pamagwirika pakatha masiku 2 mpaka 12, koma m'kati mumatenga miyezi. Zili ngati phala likamazizira, pamwamba pachita kakhungu pomwe pansi pakadali pofewa. Chala chanu chinakunamizani kuti yauma.

Penti ya acrylic ilibe pogwira pamalo a mafuta, n'chifukwa chake ikumatuka, ndipo palibe guluu amene angaibwezeretse. Imatuleni yonse. Ya mafuta imakhala bwino pamwamba pa acrylic, makamaka acrylic yopyapyala, yosanyezimira, imene yagona masiku atatu kapena kuposerapo. Kusinthanitsa ayi.

Kung'aluka kuja kumabwera penti yapamwamba ikalimba msanga kuposa yapansi. Yapansiyo imapitiriza kusuntha ikamauma, yapamwamba n'kusweka. Choncho mafuta azichuluka mukamakwera. Ulendo woyamba sungunulani penti ndi tapentaini pang'ono basi, ndipo pakani mopyapyala. Ulendo wachiwiri sakanizani gawo limodzi la mafuta a linseed ndi magawo awiri a tapentaini. Wachitatu theka ndi theka. Chosakanizacho muzithira madontho chabe mu penti, chisapose gawo limodzi mwa magawo asanu, apo ayi pamwamba padzachita makwinya. Penti yochindikala muziisungira kumapeto.

Mitundunso simauma liwiro limodzi. Umber, ya bulauni ija, imauma tsiku limodzi kapena awiri chifukwa ili ndi manganese, mtundu wa chitsulo umene umafulumizitsa kuuma. Ivory black, alizarin crimson ndi za cadmium zimatha kudya sabata yathunthu kapena kuposa. Umber wopyapyala pamwamba pa ivory black yochindikala ndi ming'alu yoitana dala. Zinc white nayo musaiike pansi, imauma mophwanyika. Gwiritsani ntchito titanium white.

Funso: Ndikasanjikiza mitundu inayi kapena isanu, chithunzi chonse chimasanduka matope. Kodi penti yanga ndi yachabechabe? *Mayi wa ku Area 25, Lilongwe*

Yankho: Mayi, kawirikawiri penti imakhala yosalakwa. Matope amabadwa mitundu yotsutsana ikakumana isanaume: yofiira ndi yobiriwira, yabuluu ndi yalalanje, yachikasu ndi yapepo. Bulashi ikabwerera pamalo amodzi kachitatu, yasakaniza kale.

Dikirani kuti yapansi iume, ndiyeno dziwani kuti ndi penti iti imaphimba, ndi iti imaonetsa zapansi. Titanium white ndi za cadmium zimaphimba. Phthalo blue, phthalo green, quinacridone ndi ultramarine zimalola kuwala kudutsa, kugunda mtundu wapansi n'kubwerera, ndipo kuya kumene mumakusirira m'zithunzi za akatswiri kumachokera pamenepa. Kuti mudziwe, jambulani mzere wakuda wonenepa pa pepala, uume, mudutsitsepo penti iliyonse muli nayo. Imene mzerewo ukuonekabe ndiyo ya pamwamba. Ngati ndi ya acrylic, isakanizeni ndi acrylic medium (chomatira cha penti chopanda mtundu), gawo limodzi la penti pa magawo asanu kapena kuposa a medium, mupake ndi bulashi yofewa ulendo umodzi n'kuisiya. Musathiremo yoyera kuti iwale, yoyera imachita chifunga n'kutseka zonse zapansi. Kumbukiraninso kuti acrylic imada pang'ono ikauma, chifukwa ikakhala yaiwisi chomatira chake chimaoneka ngati mkaka.

Funso: Ndinaona zithunzi za Gerhard Richter zooneka ngati penti yakokedwa n'kung'ambika. Amachita bwanji? Nanga ndingayese ndi chiyani? *Wophunzira zojambula, Blantyre*

Yankho: Richter, wojambula wa ku Germany wobadwa mu 1932, ankachita zimenezi kuyambira m'ma 1980 mpaka 2017. Ankapaka penti ya mafuta pa chinsalu, kenako ankapaka ina m'mphepete mwa chipulasitiki chachitali chokhala ndi chogwirira, n'kuchikoka kudutsa chinsalu chonse. Pena chinkasiya penti, pena chinkapala n'kuvundukula yapansi. Ankabwereza kangapo, ndipo nthawi zina ankasiya chithunzi kwa masiku asanachibwerere.

Inu yambani pa bolodi, osati pa chinsalu cha pa felemu, chifukwa chinsalu chimabonyoka ndipo matabwa a kumbuyo amasiya mizere. Chokokera chingakhale chidutswa chowongoka cha pulasitiki yolimba, rula yaitali kapena wayipa yakutha ya galimoto. Mukachipendeketsa kwambiri chimasiya penti yambiri. Mukachiimika chimapala. Chinsinsi chagona pa nthawi. Yapansi ikakhala yaiwisi kwambiri mupeza matope aja a mayi a ku Lilongwe. Ikauma gwaa, yatsopano ingotsetsereka pamwamba osang'ambika. Mukufuna ikhale yomata pang'ono mukaikhudza ndi chala. Pa acrylic nthawi imeneyi ndi yochepa kwambiri, makamaka kukamatentha mu Okutobala, ndiye thiranimo retarder, mankhwala ochedwetsa kuuma, monga momwe botolo lanenera, ndipo pukutani chokokera mukatha ulendo uliwonse. Mitundu itatu ndi yokwanira poyambira. Njirayi imadya penti kwambiri, choncho yeserani pa kabolodi ka masentimita 30 musanawononge machubu pa chachikulu.

Funso: Gesso, woyera uja woyambira kupaka pa chinsalu musanajambule, ndi wodula ndiponso sapezeka wamba. Kodi penti ya PVA ya m'nyumba ingalowe m'malo mwake? Ndimafunanso kuthira penti yamadzimadzi kuti ilowerere mu nsalu. *Bambo wa ku Dedza*

Yankho: Bambo, pa zoyesera ndi zophunzirira PVA imathandiza, ndipo ojambula ambiri amaigwiritsa ntchito. Koma inapangidwira khoma losasuntha. Yotchipa imakhala ndi choko wambiri, chomatira chochepa, ndipo imang'aluka mukapinda chinsalu kuti mutumize kwa wogula. Ngati ndi yomweyo ilipo, yambani mwapaka guluu wa matabwa woyera uja, wosungunula ndi madzi theka ndi theka. Akauma pakani PVA mopyapyala kawiri kapena katatu, ulendo wina chopingasa wina chotsika, n'kumakwecha pang'ono ndi sandipepa wosalala pakati pake. Chithunzi chogulitsa chikuyenera gesso weniweni, wogula asadzalire pakatha zaka ziwiri.

Zothira penti pa nsalu yosapaka kanthu anatchuka nazo Helen Frankenthaler wa ku America mu 1952, pa chithunzi chake cha Mountains and Sea. Ankayala nsalu pansi n'kuthira penti ya mafuta yosungunula ndi tapentaini. Vuto lake mafuta amafalikira m'mbali mwa mtundu uliwonse, ndipo pakapita zaka amafooketsa ulusi wa nsalu. Iye mwini anadzasamukira ku acrylic. Inunso chitani ndi acrylic. Ikamalowerera mu nsalu madzi ambiri savuta, koma pamwamba pa penti ina youma madzi okha amachepetsa chomatira, utoto n'kumachoka mukapukuta. Pamenepo sungunulani ndi medium. Kwanu ku Dedza samalaninso ndi Juni ndi Julayi: kukazizira kufika pansi pa madigiri 10 acrylic sigwirana bwino, ndiye muzipaka masana.

Funso: Vanishi ndipake liti? *Mtsikana wa ku Mangochi*

Yankho: Achemwali, pa acrylic dikirani sabata imodzi, kapena awiri ngati ndi yochindikala kapena ndi nthawi ya dzinja. Pa penti ya mafuta dikirani miyezi 6, yochindikala chaka chathunthu. Tinsanza topukutira mafuta a linseed musatiunjike pakona, timatentha tokha mpaka kuyaka moto. Tiyanikeni panja kamodzikamodzi kapena tivikeni m'chitini cha madzi.