"Without prejudice" pamutu pa kalata: akutanthauzanji, nanga muyankhe bwanji?

Bambo wina wogulitsa zipangizo zomangira watilembera imelo. Akuti anapereka matabwa ndi malata a K4,200,000 kwa kontirakitala wina, ndipo patha miyezi isanu ndi iwiri ndalama osaoneka. Kontirakitalayo akukana kulipira zonse, ati matabwa ena anali aawisi ndipo anapindika padenga. Tsopano kwafika kalata ya loya, pamwamba alembapo ndi zilembo zikuluzikulu kuti "WITHOUT PREJUDICE", m'munsimu akuti ndi okonzeka kupereka K2,500,000 kuti nkhani ithe. Funso la bamboyu lili pawiri: "Kodi mawuwa akutanthauza kuti alemba mopanda tsankho? Nanga poti avomera okha kupereka 2.5 miliyoni, ndingapite nayo kalatayi kukhothi ngati umboni woti ngongoleyo akuidziwa?"

Bambo, konse kuwiri yankho ndi ayi, ngakhale kuti pa loyambalo simunaphonye patali. M'Chingerezi cha tsiku ndi tsiku "prejudice" ndi tsankho ndithu, kumuweruziratu munthu musanamve mbali yake. Mawuwa anachokera ku Chilatini, "praejudicium", chiweruzo choperekedwa nthawi isanakwane. Wina akanena kuti wasankha ogwira ntchito "without prejudice", akuti sanayang'ane mtundu, chipembedzo kapena kwawo kwa munthu. Koma m'kamwa mwa maloya mawu omwewa amanena za kuwonongekeredwa, kuluza mwayi kapena ufulu womwe munthu anali nawo pa mlandu. Choncho loya wa kontirakitalayo sakudzitama kuti ndi wachilungamo. Akukuuzani kuti: "Zomwe talemba munozi n'zofuna kuti timvane. Zikakanika, musadzazitenge kukatipanikiza nazo pamaso pa woweruza, ndipo mbali yathu ya mlandu ikhala momwe inalili."

Ganizo lake silachilendo kwa ife. Ankhoswe akakhala pakhonde kuti akonze banja, aliyense amalankhula momasuka, mwina mpaka kuvomera kuti apa ndiye ndinalakwa, chifukwa akudziwa kuti cholinga n'kuyanjana. Makhothi nawonso amafuna anthu azimvana okha milandu isanadzadze m'kaundula. Munthu akadziwa kuti ndalama iliyonse yomwe watchula idzawerengedwa ngati kuvomera kulakwa, sangatchule ngakhale tambala. Lamuloli linakhwimira ku England, ndipo kuno ku Malawi ndi ku Zambia linabwera limodzi ndi malamulo ena a Angerezi omwe makhothi athu amatsatirabe. Kale mu 1889, pa mlandu wa Walker v Wilsher, woweruza Lindley anafotokoza kuti wolemba kalata yotere sataya kanthu ngati mnzakeyo wakana zomwe zaperekedwa. Mu 1988, pa mlandu wa Rush & Tompkins ndi Greater London Council, khothi lalikulu kwambiri la dzikolo pa nthawiyo, House of Lords, linawonjezera kuti ngakhale munthu wachitatu amene ali pa mlandu womwewo sangaumirize kuti amuonetse makalata a zokambiranazo.

Pomwe ambiri amagwera m'mbuna ndi poganiza kuti mawuwa ndi chithumwa, kuti ukangowalemba pamwamba ndiye kuti chilichonse cha m'munsi chabisika. Chomwe chimateteza kalata ndi zinthu ziwiri: pakhale mkangano weniweni, ndipo kalatayo ikhale yoyesadi kuuthetsa. Woweruza amayang'ana zamkati, mutu wa kalata umangomupatsa poyambira. Mu 1989, pa mlandu wa malo wa Buckinghamshire County Council v Moran, kalata yolembedwa "without prejudice" inaloledwa kukhala umboni chifukwa wolemba kalatayo ankangotsindika za ufulu wake pa malowo, sankapempha zokambirana. Mbali ina, mu 2006 pa mlandu wa Bradford & Bingley v Rashid, munthu wangongole ya nyumba anatumiza makalata onena kuti zinthu zamuthina ndipo angakwanitse mapaundi 500 okha. Makalatawo analibe mutu uja, ndipo oweruza anapeza kuti panalibe mkangano pa ngongoleyo: mkuluyo ankangodandaula za kalipiridwe. Makalata akewo anasanduka umboni woti ngongole akuivomera. Kupempha kuti akudikireni si kukambirana za mkangano.

Kwa inu zinthu ziwirizi zilipo. Akutsutsa ubwino wa matabwa, ndiye mkangano ulipo. Atchula ndalama yoti nkhani ithe, ndiye akuyesa kuuthetsa. Mukaiphatikiza kalatayi ku zikalata zanu zosumira, loya wa mbali inayo adzapempha kuti ichotsedwe, ndipo mwina mudzalipira ndinu ndalama za pempho limenelo. Simungachotsenso chitetezocho panokha, chifukwa ndi cha nonse awiri. Pamafunika mbali zonse zigwirizane. Umboni wanu weniweni uli kwina: mainivoisi, mapepala omwe anasainira polandira katundu, mauthenga a pa WhatsApp a nthawi yomwe ankaitanitsa malata, ndi dalaivala amene anakatsitsa. Dziwaninso kuti yankho lanu ku kalata yotere limalowa m'chitetezo chomwecho ngakhale mutaiwala kulemba mutuwo, malinga likupitiriza zokambirana zomwezo. Komabe ulembeni, kuti pasadzakhale kukokanakokana. Ngati mukukambirana pa foni kapena pamaso, nenani poyamba penipeni kuti zomwe tikambe pano ndi "without prejudice", ndipo mukatha mulembe tsiku ndi nthawi yake.

Tsopano msampha waukulu, umene umagwira anthu ochenjera omwe. Chitetezochi sichiletsa kuti mgwirizano ubadwe. Mukangoyankha kuti "ndavomera", pamenepo pabadwa mgwirizano womanga, ndipo makalata onse awiri akhoza kuonetsedwa kukhothi kutsimikiza kuti munagwirizana. Werengani bwino ngati m'kalatamo muli mawu oti "in full and final settlement". Ngati alimo, kuvomera K2,500,000 ndiye kutsanzikana ndi K1,700,000 yotsalayo mpaka kalekale. Ena amaganiza zochenjera, ati ndilandire kaye izi, zinazo ndidzazilondola pambuyo. Njira imeneyo ndi yoterera. Akakutumizirani cheke kapena kuika ndalama mu akaunti yanu pansi pa mawu amenewo, inu n'kudya ndalamazo osanena kanthu, mbali inayo idzati khalidwe lanu laonetsa kuvomera. Ngati simukufuna, alembereni tsiku lomwelo kuti mwakana, ndipo ndalamazo musazikhudze mpaka loya wanu akuuzeni chochita. Ngati mukufuna kuti pasakhale chomanga mpaka nonse mutasaina chikalata chimodzi, wonjezerani mawu ena pamutu: "subject to contract".

Pali nthawi zina pomwe khothi limatsegula kalata yotetezedwa. Zambiri mwa izo anazindandalika pa mlandu wa Unilever ndi Procter & Gamble mu 1999: pofuna kudziwa ngati mgwirizano unachitikadi, pomwe wina akuti anamunyenga kuti avomere, pofotokoza chifukwa chomwe munthu anachedwera kuchitapo kanthu, komanso pomwe mutuwo wagwiritsidwa ntchito ngati chophimbira zoipa zoonekeratu, monga kuopseza kuti ukapanda kundilipira ndiulula zinsinsi zako. Mawu awiri a Chingerezi sangatsuke chiopsezo.

Yang'ananinso ngati pamutupo sanawonjezere kuti "save as to costs". Timawu tinayi timeneti timasintha masamu onse. Tanthauzo lake n'lakuti woweruza saona kalatayo pozenga mlandu, koma akagamula, adzaionetsedwa pa nthawi yosankha amene alipire ndalama zoyendetsera mlandu. Maloya amaitcha kalata ya Calderbank, kuchokera ku mlandu wothetsa banja wa mu 1975, pomwe mkazi anali atalonjeza mwamuna wake nyumba, mwamunayo n'kukana, kenako khothi n'kumupatsa zochepera mtengo wa nyumbayo. Tiyerekeze mwakana K2,500,000, mwalimbana zaka ziwiri, ndipo woweruza wapeza kuti matabwa ena analidi aawisi n'kukupatsani K2,300,000. Mwapambana, inde, koma loya wawo adzaimirira ndi kalata ija kunena kuti mlandu wonsewu unali wosafunika, ndipo woweruza ali ndi mphamvu yolamula kuti ndalama zomwe iwo awononga kuyambira tsiku la kalatayo mubweze ndinu. Munthu amatuluka m'khothi atawina, thumba lili pululu.

Timati mlandu suwola, koma kukhothi mlandu wa ngongole umawola. Ku England ndi kuno ku Malawi, mlandu wophwanya mgwirizano uyenera kusumidwa zisanathe zaka 6; ku South Africa ngongole zambiri zimafa pakatha zaka 3, pansi pa lamulo lawo la mu 1969. Kukambirana pakokha sikuimitsa wotchi imeneyi, ndipo wangongole wochenjera akhoza kukukokani ndi makalata okoma mpaka nthawi itatha. Abale athu omwe amachita malonda ku Johannesburg adziwe kuti kumeneko, mu 2017 pa mlandu wa KLD Residential ndi Empire Earth Investments, khothi la apilo linalola kuti kuvomera ngongole m'kalata ya "without prejudice" kuonetsedwe pa cholinga chimodzi chokha, chotsimikiza kuti zaka zija zinayambanso kuwerengedwa. Ku England, mu 2009 pa mlandu wa Ofulue v Bossert, oweruza anakana kutsegula khomo lotero. Mawu amodzimodzi, zotsatira zosiyana malinga ndi dziko, choncho musadalire kalata yotere kukusungirani nthawi.

Kuntchito nako mawuwa amamveka, abwana akamuitanira munthu mu ofesi n'kuyamba ndi kuti tikambirane "without prejudice" za kusiya kwanu ntchito. Ngati panalibe mkangano wa pakati panu, mutuwo sugwira. Ndi zomwe khothi la apilo la nkhani za ntchito ku Britain linagamula mu 2004 pa mlandu wa BNP Paribas v Mezzotero, wa mayi amene anauzidwa zotere atangobwerera kuntchito kuchokera kutchuthi cha uchembere. Kuyambira 2013 dzikolo lili ndi lamulo lina lapadera lolola olemba ntchito kuyambitsa zokambirana zotere popanda mkangano, koma silibisa zokambiranazo pa madandaulo a tsankho.

Mudzakumananso ndi mawuwa m'malo ena awiri, komwe sakukhudzana ndi zokambirana. M'mapangano ndi m'malamulo a boma amalemba kuti "without prejudice to clause 9", kutanthauza kuti ndime ino siikuchepetsa mphamvu ya ndime 9, zonse zikuyendera limodzi. Musasokoneze ndi "subject to clause 9", pomwe ndime 9 ndiyo ili pamwamba, kapena "notwithstanding clause 9", pomwe ndime 9 ndiyo ikugonja. Ndipo m'nkhani za ku America mudzamva kuti mlandu wathetsedwa "without prejudice", kutanthauza kuti wosumayo akhoza kuuyambitsanso, pomwe "with prejudice" ndiye kuti khomo latsekedwa ndi loko.

Chochita sabata ino n'chotere. Lembani makalata awiri osiyana, musasakanize. Yoyamba ikhale yopanda mutu uliwonse wobisa, yomwe mukufuna woweruza adzaiwerenge: masiku omwe katundu anaperekedwa, manambala a mainivoisi, K4,200,000 yonse, kukana kwanu nkhani ya matabwa aawisi ngati mukuikanadi, ndi masiku 14 oti alipire musanasume. Yachiwiri ikhale ndi mutu wa "without prejudice save as to costs", ndipo mutchulemo ndalama yeniyeni yomwe mungalandire, kaya K3,600,000, tsiku lomaliza loti ayankhe, ngati alipire kamodzi kapena pang'onopang'ono, ndiponso kuti akaphonya gawo limodzi ngongole yonse idzuka. M'kalata yoyambayo musatchule K2,500,000 yawo ija ngakhale pang'ono, chifukwa chiganizo chimodzi chotero chikhoza kuchititsa kuti kalata yanu yonse ikanidwe kukhothi. Musanatumize, muonetse loya makalata onse awiri pamodzi ndi mapepala osainidwa aja, ndipo mumufunse kuti mlanduwu ungakudyereni zingati mukaupititsa mpaka kumapeto, kuti ndalama yomwe mutchule m'kalata yachiwiri ichokere pa masamu amenewo.